Choimbira Chimene Chinkalira Chokha pa Nsanamira

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye, makamaka inu amayi anzanga amene mwakhala mukundifunsa za mwana wanga Marita. Pagulu ine mawu amandithawa, n'chifukwa chake ndalemba. Chaka chathachi ndinaika mwana mmodzi m'manda, ndipo wachiwiri ndinkamuona akutsetserekera komweko ine manja ali lende. Ndikufuna ndikuuzeni mmene Mulungu anandibwezera wotsalayo.

Timakhala ku Entre Lagos, chakuseri kwa njanji. Amuna anga, a Armando, amagula chimanga ndi nandolo m'midzi n'kukagulitsa pamalire ndi Malawi, choncho masana ndimatsala ndekha ndi ana. Mulungu anatipatsa mapasa, Paulino ndi Marita, ndipo anthu onse ankangonditchula kuti make mapasa.

Anawo ali aang'ono ndinagula choimbira pamsika, pa mulu wa kalamidade, katundu wakale uja wochokera kunja. Chinali pakati pa nsapato ndi zidole zothyoka. Ndi kabokosi ka thabwa, kutalika ngati mwana woyamba kuyenda, kopanikizika m'chiuno, kokhala ndi timabowo tooneka ngati mitima ndi mawaya atatu. Wogulitsayo anati ndi gitala yolumala. Mlamu wanga atachijambula n'kufufuza pa foni anati dzina lake ndi dalisima, amaimba anthu a kumapiri ku Amereka, ndipo sachinyamula pachifuwa koma amachigoneka pamiyendo.

Ndinachikonda chifukwa mawu ake ndi apansi, safika kwa aneba. Kwaya sindinalowemo chifukwa cha manyazi, koma ichi ndinkatha kuimba pakhonde popanda wondiyang'ana. Ndinkatsetsereka kansungwi pa waya umodzi, dzanja linalo ndikukwapula ndi nthenga ya bakha, mawaya awiri otsalawo akungong'ung'uza pansipansi ngati njuchi. Nthawi ya mvula ndinkapukuta mawayawo ndi mafuta a makina osokera kuopa dzimbiri. Umodzi utaduka, a Armando anaikapo wa buleki ya njinga. Ndikatha kuimba ndinkachikulunga m'kapulana yanga yatsopano, imene ena amati chitenje, n'kuchigoneka pamwamba pa zovala, kutali ndi chiswe.

Paulino, amene Marita ankamutchula kuti Paulo, anali ndi masewera ake. Ndikachisiya pamphasa ankabwera chozemba, n'kukoka waya umodzi, n'kuthamanga kukabisala kuseri kwa chitseko. Marita akamva kulirako ankadziwa kuti masewera ayamba, ndipo ankapita kukamupeza. Kobisalako kunali kumodzimodzi tsiku lililonse, koma ankaseka ngati zachilendo.

Ali ndi zaka zitatu, mvula ili mkati, Paulino anadwala malungo. Tinathamanga naye koma sizinatheke. Kapulana yabwino m'nyumba inali yomwe ija, ndiye ndi imene tinamukulungira. Choimbira chija chinatsala pamtunda, ndipo wina mwa obwera pamaliro anachikoleka pa msomali wa nsanamira ya pakati pa nyumba kuti chisapondedwe.

Apongozi anga, mayi awo a Armando, anabwera kudzakhala nafe. Ndi mayi amene anathawirapo nkhondo ku Malawi n'kubwerako ndi ana awo onse amoyo, choncho akalankhula za ana palibe amawayankha. Anati kwawo wamapasa samulira mokweza, ndipo mnzake wotsalayo samuuza. "Akafunsa muziti wapita kumsika," anatero. "Akangodziwa, amutsatira." Marita anamutengera kwa aneba mpaka mwambo unatha. Ine ndinalira nditaluma nsalu.

Masiku oyamba Marita ankafunsa, ife n'kumati wapita kumsika. Kenako anasiya kufunsa. Kenako anasiya kulankhula chilichonse, ngakhale kundiitana. Mapeto ake anayamba kukana chakudya.

Tsiku limene ndinamva koyamba kunali dzuwa lamasana, kunja kuli zii. Ndinali pakhonde ndikusenda nandolo, Marita atagona pamwendo panga. M'nyumba munalibe munthu. Ndinamva mawaya aja akulira, osati ngati wakwapula, koma ngati wina wawakhudza pang'ono n'kuwasiya ang'ung'uze. Tsitsi langa linaima. Marita, amene anali wofooka tsiku lonse, anadzuka yekha, n'kulowa m'nyumba, n'kukasuzumira kuseri kwa chitseko. Atapeza palibe anakaima pansi pa nsanamira, maso ali m'mwamba. Anaima pamenepo mpaka kulirako kunatha.

Sindinauze munthu. Koma zinachitikanso mawa lake, n'kumachitikabe, nthawi zina kangapo pa tsiku. Kunalibe mphepo, khoswe sindinamuone, ndipo msomaliwo unali pamwamba posafika mwana. Tsiku lina apongozi anamva okha. Anasiya lichero, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Akumuitana."

Tinakwera shapa, minibasi ya kuno, kupita naye kuchipatala ku Insaca. Anamuyeza magazi, malungo sanapezeke, n'kutipatsa chiponde cha ana onyentchera. Ankachisunga m'kamwa osameza. Mikanda ya m'manja mwake inayamba kutsika yokha mpaka kuvuka. Nkhani inamveka m'dera lathu kuti kwa make mapasa kumalira mwana wakufa masana. Ana a aneba anasiya kubwera, ndipo mayi amene tinkabwerekana naye mchere ankangondipatsa moni ali panjira. A Armando sanamvepo chifukwa ankachoka m'mamawa n'kubwera atatopa. Ankati, "Akazi inu, chisoni chakulowani m'makutu."

Apongozi anati chinthucho chitenthedwe, apo ayi amutenga Marita apite naye kumudzi kwawo. Abale anga, ndinene zoona. Ndinkachiopa ngakhale kuchiyang'ana, koma kuchitentha ndinkaopanso. Mumtima ndinkati, nanga ngati alidi mawu a mwana wanga, ndiwaponye pamoto ine mayi wake? Ndipo ndikachisunga, ndiye kuti ndikumupereka Marita ndi manja anga? Kupemphera kunandikanika. Ndinkagwada n'kungokhala chete ngati Marita yemweyo.

Mmawa wina ndikumusambitsa ndinaona nthiti zake zonse. Ndinagwada pabafa pomwepo ndi manja a sopo n'kunena kuti, "Ambuye, mmodzi munatenga, sindinakufunseni. Uyu ndisiyireni. Ine nzeru ndilibe, nditumizireni munthu." Ndinatsimikiza zochitengera kwa abusa, tsidya lina la njanji, kuti akachipempherere n'kuchitentha okha.

Ndinachitsitsa pa msomali paja. Ponyamula ndinasowa pogwira, chifukwa dzanja lina linali la Marita, ndiye ndinangochibereka kumbuyo ndi kapulana yakale. Sindinaganize mmene ndikuonekera. Panjira amayi amene ankachokera kumjigo anaima n'kusiya kucheza. Ankaona make mapasa monga kale, wina kumsana mutu uli kunja, wina padzanja. Palibe anandipatsa moni. Mtsikana wina anatula chidebe n'kuthawira kuseri kwa nyumba.

Titafika powolokera njanji, Marita anakhala pansi, miyendo itamukana. Ndinamasula choimbira chija kuti ndibereke iyeyo, n'kuchitsamiritsa pa chitsulo cha chikwangwani chimene chili pambali pa njanji. Pamthunzi chapafupi pankapuma Che Saidi, bambo achikulire achisilamu amene amabwera ndi nsomba zowamba pa njinga kuchokera kunyanja ya Amaramba. Ndinkawadziwa pongogula nsomba basi.

Ndisanamunyamule Marita, chinayamba kulira. Panja poyera, dzuwa likuswa mtengo, popanda wochikhudza. Ndinauma ngati chitsa. Marita anakwawa n'kukasuzumira kuseri kwa chitsulo chija.

Che Saidi anapendeka mutu n'kumvetsera. "Make mapasa, wailesi yanuyi ndi ya mtundu wanji? Mabatire mumalowetsa pati?"

"Chimalira chokha, bambo," ndinayankha ndikuyang'ana pansi. "Ndikupita nacho kokatentha."

"Chokha?" Anadzuka n'kubwera. "Tagwirani chitsulochi."

Ndinagwira. Chinkanjenjemera pang'onopang'ono ngati chifuwa cha munthu wa malungo. Anandilozera belu la njinga yawo, nalonso linkalira motsitsa.

"Komboyo imeneyo, sitima ya malasha," anatero. "Isanaoneke imatsogoza moni wake pansi pa nthaka. Belu langali likamatero ndimadziwa kuti ndisawoloke. Kapena nalonso tikalitenthe?"

Posakhalitsa sitima inatulukira, yaitali ngati sidzatha. Ili mkati modutsa ndinayamba kukumbukira. Kale choimbiracho chinkagona pa zovala chitakulungidwa, ndiye sichikanalira. Chinayamba chitakolekedwa pa nsanamira yozikika m'nthaka. Ndipo sitimayo inkadutsa nthawi zonsezo, koma ife okhala pafupi ndi njanji sitiimvanso, ili ngati kupuma kwathu komwe.

Mantha anandichoka, koma mwana wanga anali chimodzimodzi. Sitima itapita iye anali akufunafunabe, tsopano kuseri kwa dengu la nsomba. Che Saidi anamuyang'ana n'kufunsa chimene wataya. Ndinati akufuna mlongo wake, ndipo ndinawafotokozera za masewera aja ndi za mwambo wa apongozi. Sindikudziwa kumene ndinatenga mawu ochuluka chotero.

Nditamaliza anati, "Ine si wa mpingo wanu, ndipo mwambo wa eni ake sindiulowerera. Koma kwathu munthu akamira, abale ake amakhala pagombe osadya mpaka thupi lipezeke. Likapezeka amalira, akatha amadya. Mwanayu mwamusiya pagombe."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinakhala pansi pafumbi, ndinagoneka choimbira chija pamiyendo, ndinamukokera Marita pafupi. Nthenga ndinalibe, ndiye ndinakwapula ndi chikhadabo kanyimbo kamene ndinkawagonetsera awiriwo. Zala zinkaphonya. Marita anayang'ana dzanja langa, n'kuyang'ana mawaya, ngati akuona koyamba kuti amalira chifukwa munthu wawakhudza. Anatambasula chala n'kukoka waya umodzi. Kenako ndinamva mawu amene ndinali nditawaiwala, osasa ngati a nkhalamba.

"Amama, Paulo wabisala kuti?"

Mawu a apongozi aja anali m'makutu mwanga. Ndinapemphera mumtima liwu limodzi lokha, dzina la Yesu. Ndiye ndinati, "Sanabisale, mwanangu. Paulo anamwalira. Ali kwa Yesu, kuno sabweranso. Kumsika kuja tinakunamiza."

Anandiyang'ana osaphethira. Ndinaganiza kuti andifera m'manja pomwepo. Kenako pakamwa pake panapindika, n'kulira kulira kumene sanalirepo chibadwire. Inenso ndinalira mokweza kwa nthawi yoyamba, pamsewu, anthu akudutsa, manyazi onse atandithera. Che Saidi anatifulatira n'kumakonza tcheni cha njinga chimene sichinawonongeke.

Titatopa, anabenthula mlamba wowamba, anachotsa minga mosamala, n'kumupatsa Marita. Anaulandira akusisima. Anatafuna, ndipo ndinaona pakhosi pake pakuyenda. Anatambasulanso dzanja. Nditafuna kumasula mfundo ya kapulana kuti ndilipire, anakana. "Mudzandiimbira tsiku lina," anatero. "Koma mukaphunzire kaye, lero mwaimba ngati mbuzi yakodwa m'chingwe."

Kwa abusa sitinafikeko. Nditabwerera kunyumba ndi choimbira chija m'manja, Marita ali kumsana, ndinawauza apongozi zonse ndili chogwada. Anakwiya kwambiri. "Mwapha mwana, inu," anatero. Asanapitirize, Marita anasuzumira paphewa panga n'kunena kuti, "Agogo, phala." Apongozi anatembenuka n'kukasonkha moto okha, ndipo ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya mpango.

Mawa lake ndinachikolekanso pa msomali uja n'kuwapempha kuti agwire nsanamira chikayamba kulira. Anagwira, anamva kunjenjemera, ndipo sitima inadutsa. Anati, "Ndamva. Komabe chichoke pamenepo, chimandiyendetsa thupi." Madzulo anatulutsa kapulana yawo ya m'sutikesi, imene sankavala, n'kundipatsa kuti ndizichikulungira. Patapita masiku tinapita tonse kumanda ndi Marita, ndipo anaona pamene mlongo wake anagona.

Marita sanachire tsiku limodzi. Panali masiku ena amene ankadzuka n'kufunsanso, ine n'kumuyankha zomwezo, n'kulira naye. Koma ankadya. Lero mikanda ija inamuthina moti tinachita kuidula, ndipo amalankhula mpaka bambo ake amamupempha kuti apume.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva pemphero la pabafa, la munthu wosadziwa kupemphera bwino. Ndinapempha munthu, ndipo ndinkayembekeza kuti akhala abusa. Iye anandikhazikira wogulitsa nsomba pamthunzi, wa chipembedzo china, pa nthawi yeniyeni imene sitima inkabwera. Miyendo ya Marita ikanapanda kumukana pamalo pamenepo, ndikanawoloka.

Inu amene muli ndi chinthu chokuopsani m'nyumba mwanu, chimene simungathe kuuza ngakhale amuna anu, musaleke kupempha. Ngakhale mawu atakutherani, gwadani choncho. Sindikunyoza miyambo ya makolo athu, apongozi anga ankafuna kupulumutsa mdzukulu wawo monga inenso. Koma ndaona kuti mwana naye amafuna kulira maliro ake.

Masiku ano ndimaimbanso pakhonde, Marita akugwira kansungwi ine ndikukwapula. Nthawi zina ndikapukuta mawaya ndimachikoleka pa msomali uja kuti mafuta aume, ndipo chimalirabe masana m'nyumba mopanda munthu. Thupi limandichita tsemwe pang'ono, sindinama. Koma Marita sapitanso kuseri kwa chitseko. Amathamangira panja kukabayibitsa sitima.

Ambuye akusungeni nonse pamodzi ndi ana anu. Ameni.