Mikisa Yosasankha Mawu

Pa siteji ya basi ku Bowe, Aroni, woimbitsa kwaya, anali atatopa kudikira pamene bambo wina wosamudziwa anamufunsa za ulendo wake.

"Ndikupita ku Lilongwe kukagula mikisa yosakanizira mawu, tizijambula nyimbo pakaseti kunyumba. Akuti ilipo yotchipa, ya potsitsira mawu pamodzi."

"Isiyeni imeneyo. Mugule yoti maikolofoni iliyonse muzitha kuitsitsa payokha."

"Mumaimba, bambo?"

"Ayi, amaimba ndi alamu anga. Anagula yotchipayo kwa munthu wochokera ku Joni. Akujambula nyimbo zaukwati pakhonde, maikolofoni ina inaloza kukhomo. Apo n'kuti akazi anga akulowa, akudandaula kuti awabweza pamsika chifukwa analibe khadi la chipani. Anatchula ndi dzina losatchulidwa lija, la mtsogoleri wa dziko."

"Simunafufute?"

"Tinaimvera koyamba paukwati pomwepo, apampando a chipani atakhala kutsogolo."

"Anamva?"

"Anadya, anavina, m'mawa mwake kunabwera galimoto. Mpaka lero akazi angawo ali m'ndende ku Dzaleka."

"Pepani kwambiri."

"Musapepese, mikisayo inagwira ntchito yake. Kwaya yonse inkamveka ngati ikuimbira m'chitsime, koma akazi angawo liwu lililonse linamveka bwinobwino."