Dzina la Peling pa Chitseko cha Kalasi

Olemekezeka a Kazembe oyimira dziko lathu la Philippines kuno ku Hong Kong, Bambo Teodorico Valdepeñas, pamodzi ndi onse ogwira ntchito mu ofesi yanu;

Olemekezeka Mayi Rosalinda Quitoriano, amene mwabwera kuchokera ku Manila mutanyamula makina ojambulira nkhope zathu ndi zidindo za zala zathu;

Olemekezeka Bambo Eusebio, wansembe wathu, amene lero mwafupikitsa ulaliki kuti tifike kuno nthawi yabwino, chozizwitsa chimene tonse tachiona ndi maso athu;

Olemekezeka wapampando wa bungwe lathu la ogwira ntchito zapakhomo, Mayi Nenita Sagun, ndi komiti yanu yonse;

Achimwene athu ochepa, oyendetsa magalimoto ndi oimba m'mahotela, amene mwabisala kumbuyoko poopa kuchuluka kwathu;

Ndi inu nonse azichemwali anga, ophika, ochapa, olera ana a eni ndi osamalira nkhalamba za eni, ndikukupatsani moni wa ulemu ndi wa chikondi.

Mayi Nenita atandiuza kuti ine, Consolacion Agbayani, amene nonse mumangonditcha Manang Conching, mchemwali wanu wamkulu, ndikhale mlendo wolemekezeka lero, ndinaseka mpaka kukhala pansi. Kwa zaka makumi awiri ndi zinayi ntchito yanga yakhala yotsegulira alendo olemekezeka chitseko, kuwalandira nsapato, kuwathirira tiyi, kenako n'kuzimiririka kukhitchini. Lero andikhazika pampando wa nsalu yoyera, andiikira madzi a m'botolo patsogolo, ndipo kunena zoona manja anga akhala akuyabwa kufuna kupukuta tebuloli.

Ndikuthokoza a Kazembe ndi anthu anu chifukwa chovomera kugwira ntchito Lamulungu, podziwa kuti ife tsiku lina tilibe. Ndikuthokoza kwambiri inu azichemwali, pakuti ndikudziwa chimene mwasiya kuti mubwere kuno. Panopa makatoni amene timayala pansi n'kukhalapo ku Central, pakati pa mzinda, ali okhaokha, chakudya chathu cha pancit chikuzizira m'mabakuli, ndipo ena mwa inu mwadula foni ya ana anu pakati ndi kuwauza kuti muimbanso madzulo. Lamulungu la wantchito wapakhomo ndi lalifupi kuposa la wina aliyense, ndiye sindikudyerani lonse. Ndili ndi nkhani imodzi yokha, ndipo ili ndi mwini wake muno.

Nonse mukudziwa mmene chisankho chimakhalira kwathu. Lolemba la m'mwezi wa Meyi, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse umakhamukira kusukulu ya pulayimale, ndipo pa chitseko cha kalasi iliyonse amamatapo mapepala a mayina a ovota. Munthu umayenda chitseko ndi chitseko, chala chili papepala, kufunafuna dzina lako. Kwathu ku Ilocos mayi anga, Nanang Dionisia, sankadziwa kuwerenga kwenikweni. Moyo wawo wonse unathera m'munda wa fodya ndi adyo. Koma mayina awiri ankawadziwa maonekedwe ake monga mmene umadziwira mbuzi zako pakati pa za anthu: lawo, ndi langa, limene linkakhala pamwamba penipeni pa lawo.

Nditabwera kuno, chisankho chilichonse ankakafika pa chitseko chija m'mamawa, n'kuika chala pa dzina langa, n'kuuza aliyense wa pamzere kuti, "Mwaona? Conching wanga adakali wa konkuno. Wangopita kukagwira ntchito, abwera."

Nditakhala kuno zaka zitatu, boma linalola kuti ife a kunja tizilembetsa ndi kuvota komwe tili. Anzanga anathamangira. Ine ndinafunsa funso limodzi: ndikalembetsa kuno, dzina langa pa chitseko chija litsala? Anandiuza kuti ayi, limasamuka, munthu sakhala pa mndandanda uwiri. Ndinabweza pasipoti yanga m'chikwama n'kunena mawu amene aliyense muno anawanenapo, ndipo musandinamize kuti simunawanene. Ndinati, "N'kuvutikiranji? Ine chaka chamawa ndikupita kwathu."

Mukuseka chifukwa mukuchidziwa chaka chamawa chimenechi. Ndi chaka chimene denga lidzakhale litatha, wotsiriza atamaliza sukulu, katoni lomaliza la sopo ndi nyama ya m'zitini litatumizidwa. Ine ndakhala ndikuchidikira zaka makumi awiri ndi zinayi, ndipo sindinachionepo pa kalendala iliyonse.

Chimene sindinkadziwa n'chakuti lamulo lathu limati munthu akaphonya zisankho ziwiri zotsatizana, dzina lake limachotsedwa pa mndandanda. Palibe anandilakwira, lamulo ndi lomwelo kwa tonse. Ine ndinkaganiza kuti ndikulisunga dzinalo, pamene ndinkangolisiya kuti life lokha.

Chisankho china chitachitika, Lamulungu lotsatira ndinaimba foni kwathu ndili pa katoni langa, anzanga akugawana chakudya pambali panga. Nanang sanandifunse n'komwe ngati ndadya, ndipo pomwepo ndinadziwa kuti zinthu sizili bwino.

"Ndayang'ana kuyambira pamwamba mpaka pansi," anatero. "Ndaitana aphunzitsi kuti andiwerengere. Awerenga kawiri. Iwe mulibemo."

Ndinati, "Nanang, mwina angolakwitsa polemba."

"Usandipusitse, ndine wamkulu. Kodi wasanduka Mtchaina? Ukanangondiuza pakamwa kuti sudzabweranso, kusiyana n'kuti ndikazimvere pa chitseko, anthu onse akundiyang'ana."

Azichemwali, ndatukwanidwapo m'zinenero zitatu m'nyumba za anthu, koma palibe mawu anandipweteka ngati amenewo. Ndinalira pa katoni paja, pakati pa mzinda, anthu odutsa akundilambalala. Mayi anga anabwerera kunyumba tsiku la chisankho lija osavota n'komwe, chifukwa cha manyazi ndi chisoni.

Kalembera atatsegulidwanso, ndinali woyamba pamzere. Ndipo mukudziwa kuti ife a kunja timayamba kuvota kudakali mwezi wathunthu kwathu asanavote. Ndinavota tsiku loyamba, anandipaka inki pa chikhadabo, ndinatuluka panja n'kujambulitsa chithunzi chala chili m'mwamba, n'kuchiponya pa positi tsiku lomwelo. Chinafika nthawi yabwino. Lolemba la chisankho Nanang anavala diresi lawo la kutchalitchi, anatenga chithunzi chija ndi kambewu ka mpunga wophika, n'kukachimata pa chitseko, pamwamba penipeni pa dzina lawo. Aphunzitsi anayang'ana kumbali ngati sakuona. Mchemwali wanga akuti Nanang anaima pamenepo mpaka masana, akuuza aliyense kuti, "Wavota kale uyu, inu mukadali pamzere. Dzina lake analitenga, ali nalo komweko."

Nanang anatisiya zaka zinayi zapitazo. Dzina lawo ndi limene linachoka pa chitseko chija osadzabwereranso. Langa lili moyo, ndipo tsiku limene ndidzapitedi kwathu ndidzalinyamula pamodzi ndi masutikesi anga, n'kukalibwezera pamalo pake, pakuti lamulo limalola zimenezo.

Tsopano ndifike kwa mwini nkhani. Pamzere wachitatu apo, amene akubisa nkhope ndi chokupizira mphepo, ndi Felicidad Tabangcura, Peling wathu. Usatuluke, Ading, mng'ono wanga iwe, pachitseko ndauza kale Mayi Nenita kuti aimepo. Peling ndi mng'ono wanga wa m'mudzi umodzi, wa sukulu imodzi, ndipo dzina lake lili pa chitseko cha kalasi yoyandikana ndi ija. Ndine ndinamulandira pabwalo la ndege, ndine ndinamuphunzitsa kuti bagoong, nsomba zathu zofufumitsa zonunkha zija, sutsegula m'nyumba ya abwana mawindo ali otseka. Anandiyesa wabodza, ndipo anaphunzira yekha tsiku limene nyumba yonse inathawira pakhonde.

Peling ndi wochenjera kundiposa. Ataona zimene zinandichitikira, anakonza zoti tchuthi chake chizigwera pa chisankho, ndipo zaka zonsezi wakhala akuuluka kukavota kwathu kuti dzina lisachoke. Koma chisankho chapitachi mliri unatitsekera tonse kuno, sanapite. Ndipo chikubwerachi sapitanso. Amasamalira gogo wachimuna wa zaka makumi asanu ndi anayi ndi chimodzi, amene salandira supuni kuchokera m'dzanja la wina aliyense, ngakhale la mwana wake womubereka. Peling anandiuza yekha kuti sangamusiye ngakhale sabata imodzi. Ndiye werengani nokha. Chimodzi waphonya kale, ichi chikhala chachiwiri. Akapanda kulembetsa kuno, dzina lake lichoka kwathu, ndipo silidzakhala kulikonse.

Lamulungu lapitali ndinamukhazika pansi. Ndinati, "Ading, tiye ukalembetse."

Anati, "Iii, Manang, mwayambanso? Ine chaka chamawa ndikupita kwathu."

Ndinati, "Chaka chamawa chakocho ndi changa chija ndi pachibale. Ndiuze zoona."

Anasewera ndi foloko m'bakuli, kenako anati, "Ndi Ambo, mwamuna wanga, Manang. Bambo uja ndinamusiya tsitsi lili lakuda, pano layera lonse. Walera ana atatu yekha, waphunzira kuluka tsitsi la atsikana, sanayang'anepo kumbali. Chisankho chilichonse amakaima pa chitseko kufuna dzina langa. Ndikalichotsa ndekha ndi manja anga, adzati chiyani? Bola lichotsedwe ndi lamulo, ndidzati si ine."

Mantha amenewo ndimawadziwa kukoma kwake. Koma inu mukundidziwa, ine nkhani za eni sizindidutsa. Lachitatu masana, abwana atapita kuntchito, ndinaimbira foni Ambo uja, Ambrosio Tabangcura. Ndinamupeza akukonza njinga yake yamoto yonyamulira anthu, manja ali bii ndi girisi, akundilankhula foni ataipanikiza paphewa. Peling, tsitsa chokupiziracho umve bwino, chifukwa ndinalemba mawu ake papepala ili kuti usadzati ndawonjezera.

Ndinati, "Ambo, n'zoona kuti umakayang'ana dzina la mkazi wako pa chitseko?"

Anati, "Ee, Manang, ndimakayang'ana. Nanga ndikapanda kutero mukuganiza kuti ndingapume? Madzulo ake amandiimbira foni, moni asanapereke, 'Ambo, waliona?' Ndiye ndimati ndaliona. Kunena zoona, Manang, maso angawa tizilembo timeneti anasiya kalekale kutiona. Ndimangoloza pena paliponse n'kugwedeza mutu. Chaka china ndinaloza dzina la apongozi a meya."

Sekani, nanenso ndinaseka. Kenako ndinamufotokozera zonse, za lamulo, za gogo wa supuni, ndi za mantha ako. Ndinangomva sipanala ikugwa pansi. Ndiye anati, ndipo ndiwerenga monga ananenera:

"Mumuuze kuti ine ndimaganiza kuti dzinalo amalifunira yekha. Ine sindinakwatire pepala. Kuti adzabwera ndimadziwira pa mpando wake wa pakhonde, umene sindilola munthu kukhalapo, ngakhale wansembe. Alembetse komweko, avote, asankhe anthu oti mwina adzukulu athu sadzapita kukachapa mbale za eni. Dzinalo aliteteze, adzabwere nalo. Ine ndilipo."

Madzi a m'botolowa tsopano ndaona ntchito yake. Mundipatse kamphindi.

Olemekezeka a Kazembe, ndi inu nonse, anthu awiriwa akhala zaka zonsezi akulondera pepala limodzi, wina kuopa kukhumudwitsa mnzake, ndipo palibe anafunsapo mnzake. Ndikudziwa kuti muno muli a Peling ambiri. Tinachoka kwathu ndi thupi lokha, mtima tinausiya, ndiye chilichonse chooneka ngati kukhazikika kuno chimatiopsa. Sitigula mpando, sitidzala duwa, sitilembetsa. Koma amene adzasankhidwe m'mwezi wa Meyi adzalamula za mapasipoti athu, za mapangano athu a ntchito, za zipatala zimene makolo athu amagonamo ndi sukulu zimene ana athu amaphunziramo, kaya ife tavota kaya sitinavote. Manja amene amasambitsa nkhalamba za mzinda uno ndi kulera ana ake sangalephere kugwira cholembera tsiku limodzi. Chofunika ndi pasipoti yako, nkhope yako ndi zala zako, ndipo Mayi Quitoriano anditsimikizira kuti ngakhale zala zofufutika ndi sopo ngati zathuzi makinawa amayesetsa kuziwerenga.

Peling, mng'ono wanga, sindikukukakamiza. Ndingonena chimene ndinaona. M'mawa uno tili mu tramu, kasitima kathu ka mumsewu, pamene unatsegula chikwama kuti undipatse mkate, pansi pa mkatewo panali pasipoti yako. Iwe Lamulungu suyenda ndi pasipoti, umaopa akuba. Ndiye mtima wako unafika kuno kale, chatsala ndi miyendo yokha.

Musamukankhe, asiyeni adzuke yekha. Eya. Mpatseni njira pamenepo. Pukuta m'maso, Ading, akujambula nkhope, ndipo chithunzi chimenecho ukhala nacho zaka zambiri. Ukamaliza ujambulitsenso china ndi kapepala kako ka kalembera m'manja, titumizire Ambo, chachikulu ndithu choti achione popanda magalasi.

Tsono ndi ulemu umene mwandipatsa lero, m'dzina la onse amene amapuma tsiku limodzi pa sabata, ndi pokumbukira Nanang Dionisia amene anamata chala changa pa chitseko ndi mpunga, ndikulengeza kuti kalembera wa ovota a kunja kuno ku Hong Kong watsegulidwa tsopano. Mayi Quitoriano, yatsani makina anu, ndipo pamzere woyamba mulembe kuti Tabangcura, Felicidad.

Zikomo kwambiri, nonsenu.