Anandiumbira Njerwa Ndili Chigonere

Zikomo aulutsi, ndiwerengereniko kalatayi. Ndine mayi wamasiye wa ku Lirangwe.

Pasukulu yathu ya pulayimale ana ndi ochuluka kuposa zipinda. Mwana wanga wamkazi ankaphunzirira pansi pa mtengo, ndipo kumwamba kukangoda, aphunzitsi ankawabalalitsa. Thandizo la boma litachepa, makolo tinagwirizana kuti banja lililonse liumbe njerwa zake zomangira chipinda cha Sitandade 8, ndipo lozemba likayankhe pamsonkhano.

Sabata youmbayo msana unandigwetsa pamphasa. Manyazi anandigwira, poti mwana wanga ndiye anali mu Sitandade 8. Ndinadzikoka ndi ndodo mpaka kudambo kuti ndikapepese. Kumeneko ndinapeza amayi a mudzi woyandikana nafe, omwe timangopatsana moni pamsika, ali matope mpaka m'mawondo.

Mmodzi anandikalipira: "Iii mayi, mwadzukiranji? Bwererani mukagone! Gawo lanu taumba kale. Mwanayo akadzakhala namwino, adzabaya jakisoni inu nokha?"

Ndinaseka misozi ikutsika.

Mwanayo anaphunzira dzinja lonse osanyowa, ndipo wasankhidwa kupita kusekondale. Amayi inu, ngati mukumvera, zikomo. Njerwa zanu sindingaziloze pakhomapo, ndiye ndikamadutsa ndimangowombera m'manja chipinda chonsecho.