Woyendetsa Boti la Asilikali

Pa doko la Chilumba mu 1969, anthu akudikira sitima, kalaliki wa ku Dedza analozera msodzi wachikulire boti la asilikali.

"Mwaiona mfuti iyo, bambo? A ku Tanzania sangayerekeze kutilanda nyanjayi."

"Mfuti nawonso ali nazo, adada. Nyanja ndi ya amene amayendamo tsiku lililonse. Mwera ukawomba, ena onse atabisala, boti lathuli lizituluka, akutsidya aziliona."

"Aa! Anyamata akwathu kumtunda ali m'botimo angawathe mafunde amenewo?"

"Amangosanza! Koma woyendetsayo sasanza."

"Mumamudziwa?"

"Ndi Kenan, mwana wanga. Ndinamuphunzitsa ndekha pa bwato."

"Ndiye akatuluka pa mwera simuopa?"

"Amaopa ndi amayi ake. Ine ndimangoima pompano mpaka atabwera."