Anandipatsa Kapu Yangayanga

Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo. Ine ndine Nagama wa kwa Wimbe konkuno, mayi wake wa Tadala. Ena munandiona ndikukula. Ena munandithawa. Musaope, sindikutchulani maina.

Ndinakwatiwa kumpoto, kunyanja, ndi msodzi. Bambo a Tadala ankapha usipa, ine ndinkayanika n'kumagulitsa kwa amalonda. Sitinali olemera, koma mwana ankadya.

Kumtunda kwa mtsinje wathu kunali mgodi wa yureniyamu. Chaka china mvula itachuluka, tinamva kuti madzi otsukira miyala adzaza m'madamu, ndipo awatayira mumtsinje wopita kunyanja. A mgodi anati madziwo ndi oyeretsedwa. Ena anati ali ndi poizoni wosaoneka, wodya munthu m'kati. Ife tikanadziwa bwanji? Madzi ankangooneka ngati madzi.

Amalonda anasiya kubwera. Usipa unafumbwa m'matumba. Bambo a Tadala anagulitsa ukonde, anati akukafuna ntchito ku Tanzania. Mpaka lero sanabwerere. Anandisiya ndi pakati.

Ndinabwerera kwathu, koma mbiri inali itafika kale. Achimwene anga anandigoneka m'chigafa cha fodya. M'chigafa, abale! Alamu anga anandipatsa kapu yangayanga, anaimangirira kansalu kofiira kuti isasakanikirane ndi zawo. Pamjigo amayi ankadikira ndichoke, kenako n'kutsuka chogwirira ndi phulusa. Tadala anzake anamupatsa dzina loti Poizoni, mpaka anayamba kuvomera akamuitana choncho.

Mwana wanga anabadwa wakufa. Mwambo mukuudziwa, mwana wotere amakamuika ndi amayi. Palibe mayi anabwera. Alamu anga anaima patali, atatseka mphuno ndi chitenje.

"Chimenecho musachikwirire pafupi ndi dimba lathu," anatero.

Ndinakumba ndekha, magazi akutuluka. Ndekha, abale.

Ndinasiya kupemphera. M'chigafamo munali botolo la mankhwala opopera fodya, ndipo tsiku lililonse ndinkaliyang'ana nthawi yaitali.

Tsiku lina masana kunabwera amayi ena a Mvano ochokera ku Kaomba, a Nasibeko. Sitinkadziwana, anangomva za ine pamaliro ena. Anakhala pansi m'fumbi n'kupempha madzi. Ndinawauza kuti kapu ndili nayo imodzi, ndipo anthu sayigwira.

"Ndipatseni yomweyo," anatero.

Anamwa onse alamu anga akuona, n'kupempha ena. Ndinalira kulira kumene sindinalire pokwirira mwana.

Mawa lake anandiperekeza kuchipatala. Adokotala anati magazi ndi ochepa chifukwa cha njala, ndipo palibe chimene ndingapatsire munthu. Ndinafunsa ngati madzi aja ndiwo anapha mwana. Anati sakudziwa. Inenso sindidziwa. Mulungu ndiye akudziwa.

Lero ndimakhala kwa a Nasibeko. Nyengo ya fodya ndimasoka fodya, nyengo ina ndimagulitsa matimati pamsika. Tadala ali pasukulu, ndipo amayankha dzina lake lenileni. Kunyanja kuja anzanga akadali kuvutika, muziwakumbukira m'mapemphero.

Alamu anga sanapepese. Sabata yatha anadzagula matimati pabenchi langa, maso ali pansi. Ndinawaikira banyira, matimati ena aulere pamwamba. Kukhululuka sindinamalize, abale, koma Yesu wandiyambitsa. Ndithokozereni Ambuye. Ameni.