Ajenti wa Nyumba Amene Anatha Mawu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, landirani moni nonse amene mukuwerenga, a pafupi ndi a kutali omwe. Ine ndine mayi wa pa Chitakale, ndipo ntchito yanga ndi yopezera anthu nyumba za lendi ndi malo omangapo. Kuno amangoti ajenti. Umboni uwu ndikanakonda kuunena nditaima kutsogolo kwa mpingo, koma ndachita kulemba chifukwa vuto limene ndikufuna kukuuzani ndi lomwelo. Mawu anga anatha.

Amene mumandidziwa kale mukudziwa kuti ndinali munthu wa pakamwa. Uajenti wa kuno ulibe ofesi, zida zake ndi miyendo ndi lilime basi. Mphunzitsi akatsika minibasi pa siteji atanyamula chikwama, ndinkangomuona mayang'anidwe n'kudziwa kuti uyu alibe pofikira. Tisanadutse n'komwe pamsika ndinkakhala nditamuuza kale za nyumba zimene zilipo, mtima wa eni ake, ngakhale za agalu a pafupi. Malemu amuna anga ankandiseka kuti ndikhoza kupezera munthu wolowa ngakhale m'khola la mbuzi.

Amunawo atamwalira, ndinakhala ndi mwana wanga wamkazi, Tadala, m'kanyumba ka pageti pa mpanda wa a Makwinja. A Makwinja ndi bambo wachikulire amene anapuma ukalaliki ku esiteti ya tiyi n'kumanga nyumba za lendi kuseri kwa msika. Pangano lathu linali lapakamwa: ine ndizikhala m'kanyumbako osalipira, koma ndizionetsetsa kuti nyumba zawo sizikugona zopanda anthu. Kwina kopita ndinalibe. Munda wa amayi kwathu ku Limbuli unagawidwa kale pakati pa achemwali anga, ndipo pamene panatsala sipokwana ngakhale khitchini.

Ndiye kunabwera chotupa pakhosi, chija amati chithokomiro. Chinakula pang'onopang'ono mpaka kumeza kunayamba kuvuta, ndipo madokotala ku Blantyre anati pafunika opaleshoni. Anandiuziratu kuti nthawi zina mawu amasokonekera pambuyo pake. Ndinavomera ndi mutu koma mumtima ndinkati zimenezo ndi za anthu ofatsa, osati ine. Nditatsitsimuka ndinafuna kupempha madzi, ndipo m'kamwa munangotuluka mpweya. Anati ndidikire, mwina abwerera. Chilonda chinapola bwinobwino n'kusiya chipsera chopingasa pakhosi, koma mawu sanabwerere.

Abale anga, simungadziwe kuti dziko limayenda ndi mawu mpaka anu atatha. Kafoni kanga ka mabatani kakalira ndinkayankha mwachizolowezi, munthu n'kunena halo, halo, kenako n'kudula. Pa siteji ndinkaona mlendo akutsika, n'kumuyandikira, koma ndisanamugwire n'komwe mkono ajenti wina amakhala atamulankhula kale n'kumukweza kabaza. Chinanso chimene chinkandipweteka n'chakuti anthu anayamba kundikuwira polankhula nane, ngati kuti mpeni wa dokotala unadulanso makutu. Ena ankangofunsa Tadala kuti, amayi ako ali bwanji, ine ndili pomwepo. Ndinayamba kumanga mpango pakhosi ndi kudutsa njira za kuseri.

Nthawi yomweyo nyumba yakumbuyo pa mpanda wathu inatuluka anthu. Imeneyo ndiyo yovuta kuposa zonse, chifukwa ili kutali ndi geti, pafupi ndi nthochi, ndipo mvula ikagwa kanjira kake kamaterera. Kale ndinkaipezera munthu ndi pakamwa pangapa. Tsopano inangokhala yotseka, akangaude akumanga pazenera.

Tsiku lina m'mawa a Makwinja anabwera n'kukhala pakhonde langa. Si munthu wankhanza, ndipo ndinaona kuti zimene abweretsa zikuwalemera. Anayamba ndi za mvula, kenako za nandolo, kenako anatsokomola.

"Make Tadala, ine sindikuthamangitsani ayi. Koma nyumbazi ndiye chakudya changa. Mwezi uno ukatha yakumbuyo ija ilibe munthu, ndiitana ajenti wina, ndipo mukudziwa kuti adzafuna kanyumba kano."

Ndinagwedeza mutu kuti ndamva. Atachoka ndinalowa m'nyumba n'kulira, ndipo ngakhale kulirako kunali kopanda phokoso.

Ndinapemphera, abale. Amayi a kumpingo anabwera kudzandisanjika manja, ndinasala kudya, ndipo pemphero langa linali limodzi lokha: Ambuye, ndibwezereni mawu. M'mawa uliwonse ndinkadzuka n'kuyesa kuitana Tadala, osatheka. Sindikubisirani, ndinakwiya ndi Mulungu. Ndinkamufunsa mumtima kuti mwa ziwalo zonse za thupi langa, bwanji anasankha chimene ndimadyera. Ndinatenga thumba n'kuyamba kulongedzamo ziwiya, osadziwa n'komwe kumene ndidzalitule.

Thandizo linabwera kudzera pa bulauzi. Ndinatopa ndi mpango chifukwa cha kutentha, ndiye ndinaganiza zokasoketsa kolala yaitali pa bulauzi yanga yoyera kuti ibise chipsera. Pakhonde la sitolo ina pamsika pamakhala telala, a Fanuwelo, amene anabadwa osamva ndi osalankhula. Zaka zonsezi ndinkangowadutsa n'kuwakwezera dzanja, chifukwa munthu wolongolola ngati ine ndikanacheza nawo chiyani? Tsiku limenelo ndinapita kwa iwo dala, podziwa kuti okhawo sadzandifunsa mafunso.

Nditawapatsa bulauzi n'kuloza pakhosi, anatulutsa foni ya tachi n'kundionetsa zithunzi za makolala osiyanasiyana. Ndinaloza imodzi, iwo anandiyeza, nkhani n'kutha popanda liwu ndi limodzi lomwe. Ndinakhala pabenchi kudikira, ndipo ndinayamba kuona mmene amagwirira ntchito. Foni inkanjenjemera pa makina, iwo n'kuyang'ana chithunzi cha diresi chimene wina watumiza, n'kujambula nsalu zimene ali nazo, n'kutumiza. Wa kabaza anabwera kudzatenga zovala za munthu wa ku Chinakanaka amene sanapondepo n'komwe pakhondepo. Munthu amene sanalankhulepo chibadwire anali ndi ntchito yambiri kuposa matelala olankhula a mbali inayo.

Atamaliza kolala analemba pa foni n'kundipatsa kuti ndiwerenge: "Bwanji simukuonekanso pa siteji?"

Ndinalemba movutikira kuti ajenti wopanda mawu ndi wakufa kale. Anawerenga, n'kundiyang'ana ngati ndawatukwana, ndipo kunena zoona ndinali nditawatukwanadi. Kenako anatsegula kabati ya makina, n'kufufuza pakati pa ulusi ndi mabatani, n'kutulutsa foni yawo yakale yong'aluka galasi pakona. Anaiika m'manja mwanga n'kulemba kuti ndikajambule nyumba imene ikundivutayo, ndibwere nazo aone.

Zithunzi zanga zoyamba anaziseka mpaka kugwira pamimba. China chinali chala changa, china mdima wokhawokha. Koma munthuyo ndi woleza mtima. Anandionetsa kupukuta kagalasi ka kamera ndi nsalu, ndiponso kuti ndizijambula m'mawa dzuwa likamalowa pazenera, nditatsegula zitseko zonse. Anandiphunzitsa kutenga kanema woyambira pamsewu, ndikuyenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo, kuti munthu aone yekha mtunda wake. Analemba kuti nditsegule mpopi madzi aoneke akutuluka, ndiyatse babu, ndilowe ku bafa ndi kuchimbudzi komwe. Nditafuna kudumpha kanjira koterera kaja anakana ndi mutu mwamphamvu, n'kulemba kuti munthu akadzakaona yekha atafika kale, sadzandikhulupiriranso. Anandionetsanso kuika kachizindikiro pa mapu a m'foni kuti wofuna nyumba adziwe pamene ili, ndi kusungiratu mayankho a mafunso amene aliyense amafunsa, kuti ndisamalembe kambirimbiri ndi zala zanga zolemerazi. Changa chinali kugula bandulo ndi kapawabanki kotchipa, poti magetsi athu mukuwadziwa.

Kanemayo ndinatumiza kwa aliyense amene nambala yake ndinali nayo. Mayi wina wa kumpingo kwathu amene amagwira ntchito kuchipatala anamuponya pa gulu la pa foni la anzake a zaumoyo. Masiku anapita, mwezi ukunka kumapeto. Ena ankafunsa n'kungozimiririka. Kenako kunabwera uthenga wa namwino wina wa ku Rumphi amene anamusamutsira kuno. Ulendo ndi wautali moti sakanatha kubwera kudzangoona nyumba n'kubwerera, ndipo anati kanemayo wamusangalatsa chifukwa waonetsa ndi matope omwe. Tinalemberana bwino mpaka pamene anati andiimbire kuti timalize.

Foni inalira m'manja mwanga, ine n'kumangoiyang'ana. Inadula, n'kuliranso. Ndinalemba kuti pepani, ndilibe mawu, tipitirize polemba. Yankho lake ndimalikumbukabe.

"Amayi, anzanga anaberedwapo ndi anthu a pa foni otere, ndipo aliyense amakhala ndi chifukwa chosayankhira. Ngati ndinu munthu weniweni, lankhulani."

Sindinamuimbe mlandu, chifukwa akuba a pa foni alipodi ndipo atiipitsira mbiri tonse. Koma mtima unasweka. Ndinathamangira kwa a Fanuwelo n'kuwaonetsa uthengawo. Anawerenga, anaganiza pang'ono, kenako analoza kolala imene anasoka okha ija, n'kuonetsa ndi zala kuti ndimasule batani. Ndinakana. Chipsera chimenecho ndinkachibisa ngakhale kwa achemwali anga, ndiye ndikachionetse kwa mlendo amene wanditenga ngati wakuba? Iwo sanandikakamize, anangobwerera ku makina awo.

M'mawa mwake ndinagwada pafupi ndi thumba la ziwiya lija. Kwa nthawi yoyamba sindinapemphe mawu. Ndinangoti, Ambuye, ndatopa kukuuzani chochita, ndipatseni mphamvu ya lero lokha. Ndinatenga makiyi n'kupita ku nyumba yakumbuyo, ndinaima pakhomo, n'kuimbira namwinoyo foni yoonana nkhope. Atayankha ndinamuona ali mu yunifolomu, nkhope ili gwa. Ndinamasula kolala n'kusendeza foni pafupi ndi khosi. Ndinayesa kunena kuti muli bwanji, ndipo anamva yekha kampweya kamene kanatuluka. Kenako ndinakweza makiyi, n'kutsegula chitseko iye akuona, n'kulowa mpaka ku mpopi.

Namwinoyo atalankhula, mawu ake anali atasintha.

"Basi amayi, mangani kolalayo, ndaona. Opaleshoni imeneyo ndikuidziwa, ndasamalirapo anthu otere. Mundikhululukire. Nyumbayo mundisungire."

Mulungu akanandibweretsera mphunzitsi kapena kalaliki, mwina akanangoona chipsera n'kudabwa. Anandibweretsera munthu amene amadziwa tanthauzo la mzere umenewo pakhosi la munthu. Ine zimenezi sindizitcha mwayi.

Namwinoyo anafika ndi katundu wake pa lole mwezi usanathe. Potsika anandikumbatira ngati mbale wake, ndipo a Makwinja anali pageti akuonerera. Madzulo ake a Makwinja anabwera pakhonde langa, anasuzumira m'nyumba n'kuona thumba lomanga lili pakona. Anaiwala kundikuwira tsiku limenelo, analankhula motsitsa.

"Make Tadala, masulani thumbalo. Ziwiya zibwerere pamalo pake."

Lero mawu anga anabwerako pang'ono, ndimanong'ona moti woyandikira amamva, ndipo madokotala sakulonjeza zoposa pamenepo. Nyimbo kutchalitchi ndimangoombera m'manja, ndipo pali masiku amene zimandiwawabe kwambiri. Koma ntchito ndikugwira. Eni nyumba ena amachita kundiitana kuti ndikawajambulire, ndipo ajenti anzanga aja amene ankandilanda alendo pa siteji amabwera kudzafunsa mmene amaikira kachizindikiro pa mapu. Ndimawaonetsa, chifukwa inenso ndinachita kuonetsedwa.

Ndikuthokoza Mulungu amene sanandipatse chimene ndinkalirira koma sanandisiye panja. Ndikuthokoza a Fanuwelo, amene ndinawadutsa zaka zambiri osadziwa kuti ndikudutsa mphunzitsi wanga. Ndikuthokozanso amayi a kumpingo amene sanatope nane pamene ine ndinali nditatopa ndi pemphero.

Inu amene matenda akulandani chimene mumadyera, kaya ndi maso, kaya miyendo, kaya mawu ngati ine, ndikudziwa mmene mtima umalemerera ndipo sindikuuzani kuti n'zophweka. Koma musaleke kugwada, ndipo wina akakutambasulirani dzanja musayambe mwafunsa ngati ali amene mumamuyembekezera. Ine ndi Tadala tikugonabe m'kanyumba ka pageti. Ambuye amene anatisunga ife akusungeni nanunso.