Bondwe amene ndinkazula kuseri kwa nyumba

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu ba Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga, ndi inu nonse abale ndi alongo. Ine ndine Bana Chanda, kapena kuti amake Chanda, wa kuno ku Matero. Ndaima pano kuti ndichitire umboni, koma mundipirire, chifukwa umboni wanga uli ndi manyazi anga mkati.

Awo akhala pa benchi yachitatu, ovala shati yoyera, ndi amuna anga, Bashi Chanda. Musawayang'ane kwambiri, ndi amanyazi. Amayendetsa minibasi kuchoka kuno kupita ku tauni.

Pamene ndinkakwatiwa, alangizi anandiuza mawu amodzi amene ndinawasunga kuposa vesi: "Mwamuna akaonda, mlandu ni wa mukazi." Amayi, ndikunama? Nanunso munauzidwa. Ndiye ine ndinati, wanga sadzaonda. Ndinakulira m'nyumba ya masamba, lero chibwabwa, mawa kalembula, mkuja chibwabwa, mpaka ndinalumbira kuti m'nyumba mwanga ndiwo za osauka sizidzalowa. Amuna anga ndinkawapatsa soseji, chipisi, nyama yonona yosambira mu saladi, mafuta ophikira aja, mchere wa dzanja lodzaza, ufa woyera mbee, ndi botolo la zozizira pambali. Kuseri kwa nyumba kunkamera bondwe, amene amayi anga ankamutchula bonongwe. Ndinkamuzula ndi mkwiyo n'kumutaya, kuopa kuti anzanga angaganize kuti ndimadya.

Bambo ananenepa. Khosi linasowa, mimba inafika pa chiwongolero. Apongozi anga akabwera ankawasisita pamimba n'kumati, "Eya, mwana wanga bamusunga." Ine mtima unkachita kuvina. Sindinadziwe, abale, sindinadziwe kuti ndikukumba dzenje ndi supuni.

Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, basi yodzaza anthu, maso a bambo anachita mdima. Mutu unawawa, manja anachita dzanzi. Ndi chisomo chokha kuti anakwanitsa kuimika basi pambali pa msewu. Munali amayi a ana kumsana m'basi imeneyo.

Ku kiliniki anayeza, anayezanso, n'kunena kuti bipi yakwera koopsa, ndipo shuga nayo yayandikira. Mwini basi anatenga makiyi. Anati, "Mukachila, mubwele na pepala ya ku kiliniki. Ngati palibe, nipasa wina."

Ku kiliniki kuja ba nasi anapereka mapiritsi, kenaka anandiyang'ana ine. "Mayo, mumabaphikila chani?" Ndinayankha monyada, ndikuwerenga soseji ndi chipisi zanga. Iwo anangogwira chibwano. Anati mapiritsi amwe osadumpha, koma mphika usinthe: mchere pang'ono, saladi kasupuni, zozizira zisiyidwe, ufa ukhale wa mgaiwa, masamba tsiku lililonse, nyemba, delele, impwa, nsinjiro m'malo mwa mafuta. Atatchula bondwe ndinafuna kulira. Ndinati, Ambuye, zomwe ndinathawa kwa amayi anga mwandibwezera pa pepala la kuchipatala?

Ndinayamba. Tsiku loyamba bambo anayang'ana mbale, anayang'ana ine, anafunsa, "Kodi m'nyumba muno muli maliro?" Anadya mokwinya nkhope ngati mwana womwa kwinini. Koma anadya. M'mawa tinkayenda wapansi kuzungulira msika, iwo akupuma wefuwefu, ine ndikuwakoka.

Manje mvetserani pamene Satana analowera. Bambo anayamba kuonda. Lamba tinabowola kabowo kena, kenaka kena. Ndipo mukudziwa m'komboni muno munthu akaonda timanena chiyani. Pa mpopi ndikafika, nkhani inkaduka. Wina ndinamumva ndi makutu angawa: "Mwabaona Bashi Chanda? Basila. Kapena ni matenda yaja, kapena mukazi abamana vakudya." Ena mwa onenawo muli muno, sinditchula, ndinakukhululukirani. Koma zinandipweteka, abale. Zinandipweteka kwambiri.

Nkhani inafika kwa apongozi ku Chawama. Anabwera ndi nkhuku yokazinga kale m'poto, mafuta ali nyezinyezi. Sanakhale n'komwe pansi. "Bana Chanda, mwana wanga ni mbuzi kuti azidya mayani? Nchito yasila, manje mwayamba kumulanga? Ngati mwalema naye, nipaseni nimutenge."

Ine amene ndimagwada popereka madzi kwa mayi ameneyo, ine amene sindinawayankhepo chikwatiwire, ndinagwada pomwepo pakhomo. Mtima unkati, landira nkhukuyo, apatse adye, mbiri yako ibwerere. Ndinali pafupi, abale, dzanja linali litatambasuka kale. Koma ndinaona basi ija pambali pa msewu. Ndinati, "Bamayo, nditukwaneni, muitane alangizi andiweruze. Koma ndilole kutchedwa mkazi woipa wa mwamuna wamoyo, kusiyana ndi mkazi wabwino wamasiye."

Bambo anatuluka m'nyumba, anatenga poto uja m'manja mwa amayi awo mwaulemu, anakapereka kwa ana athu. Anati, "Bamayo, uyu ndiye anisunga." Apongozi anapita osatsanzika, ndipo anakhala nthawi osaponda pakhomo panga.

Tinapitiriza. Mapiritsi, masamba, kuyenda, pemphero. Ndisanamize mpingo, mapiritsi akumwabe mpaka lero, ndipo wina asachoke pano n'kukataya ake. Koma ulendo uliwonse ku kiliniki bipi inkatsika, mutu unaleka kuwawa, shuga inabwerera m'malo mwake. Munthu amene ankalephera kumanga nsapato zake, lero amawerama yekha. Sabata yathayi ba nasi analemba pepala lija. Lachiwiri makiyi anabwerera m'manja mwa bambo. Aleluya!

Ndipo Lachisanu, ndikuthirira kuseri kwa nyumba, pamene ndinkazula paja, ndinamva "odi." Apongozi. Nawonso awapeza ndi bipi. Anaima, anayang'ana pansi, kenaka anati, "Bana Chanda, nithyolelenkoni bondwe, munilangize na mophikila."

Abale, ndinathyola ndikulira. Zaka zonsezi Mulungu ankabzala kuseri kwa nyumba yanga, ine ndikuzula. Iye akubzala, ine ndikuzula. Sanatope nane.

Zikomo Ambuye chifukwa cha anthu a m'basi ija amene anafika kwawo. Zikomo chifukwa sindinavale zakuda. Zikomo ba Abusa ndi amayi amene munandipempherera osafunsa mafunso.

Bashi Chanda, imani. Imani, musachite manyazi, akuoneni. Mpingo wa Mulungu, onani mwamuna wanga woonda, wamoyo! Amayi, nthungululu zili kuti? Kondwerani nane, imbani m'manja, timutamande Yesu. Ameni!